Mapulogalamu othandizira makasitomala ndi mapulogalamu oyendetsera masamba a mchezo

Mapulogalamu othandizira makasitomala ndi mapulogalamu oyendetsera masamba a mchezo ndi magulu awiri a mapulogalamu a pakompyuta ndi pafoni amene mabizinesi amagwiritsa ntchito polankhulana ndi anthu owagula katundu. Gulu loyamba limalandira mafunso ndi madandaulo, kuwasunga mwadongosolo ndi kuwatsatira mpaka vuto litatha. Gulu lachiwiri limafalitsa mauthenga pa masamba monga Facebook, Instagram, X ndi TikTok, ndipo limaonetsa chiwerengero cha anthu amene aona uthengawo. Poti onse awiri amakhudza kulemberana ndi makasitomala, anthu ambiri amawasokoneza, ndipo bizinesi ikhoza kutaya ndalama polipira pulogalamu yosagwirizana ndi vuto lake.

Ku Malawi mapulogalamu amenewa amapezeka kwambiri m'makampani akuluakulu a m'mizinda. Ochita malonda m'misika ya kumidzi, monga pa Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Mpingu m'boma la Lilongwe, ntchito ziwirizi amazigwira poimba foni, potumiza SMS ndi polemberana pa WhatsApp.

Mbiri

Makompyuta asanafalikire, sitolo kapena ofesi inkasunga madandaulo m'buku, ndipo makampani akuluakulu ankalemba ntchito anthu oyankha mafoni. Imelo itabwera, makalata a makasitomala anachuluka moti zinali zovuta kudziwa amene ayankhidwa ndi amene aiwalika. Izi ndi zimene zinabweretsa mapulogalamu opereka nambala ku dandaulo lililonse. Kampani ya Zendesk inayamba mu 2007 mumzinda wa Copenhagen ku Denmark, ndipo Freshdesk inayamba mu 2010 mumzinda wa Chennai ku India. Palinso osTicket, imene ndi yaulere ndipo kampani imatha kuiika pa kompyuta yakeyake.

Gulu lachiwiri linabadwa chifukwa cha masamba a mchezo. Facebook inayamba mu 2004 ndipo Twitter, imene kuyambira mu 2023 imatchedwa X, inayamba mu 2006. Mabizinesi atatsegula masamba angapo, kulowa m'tsamba lililonse palokha kunkawadyera nthawi. Hootsuite inayamba mu 2008 ku Vancouver, Canada. Buffer inayamba mu 2010 ku Birmingham, England, ndipo chaka chomwecho Sprout Social inayamba ku Chicago. Mu 2020 kampani ya Facebook inatulutsa pulogalamu yake yaulere yoyendetsera Facebook ndi Instagram pamodzi, imene tsopano imatchedwa Meta Business Suite.

Mmene mapulogalamu othandizira makasitomala amagwirira ntchito

Maziko a mapulogalamu amenewa ndi tikiti. Kasitomala akaimba foni, akalemba imelo kapena akatumiza uthenga, pulogalamu imatsegula tikiti yokhala ndi nambala, dzina la wodandaula, tsiku, nthawi ndi nkhani yake. Tikitiyo imaperekedwa kwa wantchito mmodzi, ndipo zonse zimene wantchitoyo wanena kapena kuchita zimalembedwa momwemo. Imaonetsanso pamene nkhani yafika: yangotsegulidwa, ikudikira yankho, kapena yatsekedwa.

Dongosolo limeneli limathandiza pa zinthu zitatu. Choyamba, wantchito akadwala kapena akasiya ntchito, mnzake amawerenga tikitiyo n'kupitiriza popanda kumufunsanso kasitomala kuti afotokoze kuyambira pachiyambi. Chachiwiri, kampani imadziikira nthawi yoyankhira, mwachitsanzo tsiku limodzi, ndipo pulogalamu imachenjeza kapitawo nthawiyo ikadutsa. Chachitatu, matikiti akachuluka amaonetsa vuto limene likubwerezabwereza. Ngati makasitomala ambiri akudandaula za katundu wa mtundu umodzi, kampani imadziwa kuti vuto lili kwa amene amaipatsa katunduyo.

Mapulogalamu ambiri a gululi amakhalanso ndi malo osungira mayankho a mafunso ofunsidwa kawirikawiri, ndipo ena amafunsa kasitomala ngati wakhutira tikiti ikatsekedwa.

Mmene mapulogalamu oyendetsera masamba a mchezo amagwirira ntchito

Maziko a gulu lachiwiri ndi kalendala ya mauthenga. Munthu amalemba mauthenga a sabata yonse tsiku limodzi, n'kuika zithunzi, n'kusankha tsiku ndi ola limene uliwonse utulukire. Nthawiyo ikakwana pulogalamu imatulutsa uthengawo yokha pa masamba onse amene asankhidwa, ngakhale foni ya mwini wake itazima.

Ntchito ina ndi kuwerengera. Pulogalamu imaonetsa anthu amene aona uthenga, amene aukonda, amene augawira anzawo ndi amene alembapo ndemanga, ndipo potero bizinesi imadziwa mauthenga amene amakoka anthu. Mapulogalamu ena amafufuzanso malo amene dzina la kampani latchulidwa, kuti idziwe zimene anthu akunena za iyo. M'makampani akuluakulu mumakhala dongosolo loti bwana aone uthenga usanatuluke.

Mapulogalamu amenewa amadalira chilolezo cha eni masamba. Eni tsamba akasintha malamulo, zinthu zina zimasiya kugwira ntchito kapena zimakwera mtengo. Izi zinachitika mu 2023 pamene X inayamba kulipiritsa mapulogalamu akunja olumikizana nayo.

Kusiyana kwake

* Woyambitsa nkhani: pa gulu loyamba amayamba ndi kasitomala amene ali ndi vuto, pa gulu lachiwiri imayamba ndi bizinesi imene ikufuna kudziwika.
* Omvera: loyamba ndi la munthu mmodzimmodzi ndipo zokambirana zimakhala zachinsinsi, lachiwiri ndi la gulu ndipo aliyense amawerenga.
* Choyesera: loyamba limayesa nthawi imene yatha munthu asanayankhidwe ndi madandaulo amene athetsedwa, lachiwiri limayesa anthu amene afikiridwa.
* Njira: loyamba limalandira foni, imelo, SMS ndi mauthenga a pa intaneti, lachiwiri limafuna kuti womvera akhale pa intaneti ndipo akhale ndi akaunti.
* Kalipiridwe: loyamba kawirikawiri limalipiritsa potengera antchito oyankha, lachiwiri potengera masamba olumikizidwa kapena anthu oligwiritsa ntchito.

Malire a magulu awiriwa si okhwima. Makasitomala ambiri masiku ano amalemba madandaulo awo pansi pa uthenga wotsatsa malonda, pamene aliyense akuona. Pachifukwa ichi Zendesk ndi Freshdesk zimatha kusandutsa uthenga wa pa Facebook kapena pa WhatsApp kukhala tikiti, ndipo Hootsuite ndi Sprout Social zili ndi bokosi limodzi lolandirira mauthenga a masamba onse. Komabe chilichonse chimachita bwino pa ntchito imene chinapangidwira. Dandaulo lofuna masiku angapo ndi anthu angapo, monga kubweza ndalama, limatayika mosavuta pakati pa ndemanga. Nayonso pulogalamu ya matikiti siibweretsa makasitomala atsopano.

WhatsApp Business

Pakati pa magulu awiriwa pali WhatsApp Business, imene inatuluka mu January 2018 ndipo ndi yaulere kuiika m'foni. Imalola wamalonda kulemba dzina la bizinesi, malo ndi nthawi yotsegula, kuika zithunzi za katundu ndi mitengo, kukonzeratu mayankho ofulumira, ndi kutumiza uthenga wokha pamene sitolo yatsekedwa. Ili ndi zizindikiro zamitundu zimene munthu amaika pa macheza, monga za amene alipira ndi amene sanalipire, ndipo zimenezi zimagwira ntchito yofanana pang'ono ndi tikiti. Mbali yolengeza imachitika kudzera pa Status, m'magulu ndi pa mndandanda wotumizira anthu ambiri nthawi imodzi. Mndandanda umodzi umatenga manambala osaposa 256, ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya wotumizayo.

Kufooka kwake n'kwakuti zonse zimakhala pa nambala imodzi. Siichenjeza dandaulo likakhalitsa, ndipo foni ikabedwa kapena ikawonongeka popanda kusunga macheza kwina, mbiri ya makasitomala imapita nayo. Makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito mtundu wina wolipira, umene umalumikiza WhatsApp ndi pulogalamu ya matikiti kuti antchito ambiri aziyankha pa nambala imodzi.

Ku Malawi

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 84 pa 100 alionse ankakhala kumidzi. Ambiri mwa iwo ali ndi mafoni a mabatani osatsegula Facebook. N'chifukwa chake makampani a mafoni a Airtel Malawi ndi TNM, komanso mabanki, amadalira malo oyankhira mafoni ndi manambala aafupi oimba pafoni iliyonse, monga *211# ya Airtel Money, *444# ya TNM Mpamba ndi *626# ya National Bank of Malawi. Munthu akatumiza ndalama ku nambala yolakwika, nambala ya umboni imene imabwera pa SMS ndi imene woyankha foni amafufuzira nkhaniyo. Makampani omwewo, pamodzi ndi ESCOM ndi Lilongwe Water Board, ali ndi masamba a Facebook olengezera zinthu monga kuzima kwa magetsi ndi kusowa kwa madzi.

Chitsanzo chodziwika cha thandizo lofika kumudzi kudzera pafoni ndi Chipatala Cha Pa Foni, chimene bungwe la VillageReach linayambitsa ku Balaka mu 2011. Chinafalikira m'dziko lonse, ndipo pambuyo pake Unduna wa Zaumoyo unachitenga kuti uzichiyendetsa. Anthu amaimba mosalipira n'kulankhula ndi azaumoyo m'Chichewa. Pa zaulimi, bungwe la Farm Radio Trust lili ndi Mlimi Hotline, kumene alimi amaimba n'kufunsa alangizi. Ngakhale izi si zamalonda, zimayendera mfundo yomweyo ya gulu loyamba: munthu mmodzi, funso limodzi, ndi kulemba zimene zakambidwa.

M'misika ya kumidzi ya Lilongwe

Madera a kuzambwe ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe ndi a ulimi wa chimanga, fodya, mtedza ndi soya. Malonda a pa Namitete ndi Mpingu, kufupi ndi msewu wa M12 wopita ku Mchinji, komanso a pa Nsaru ndi Kabudula, amatsata nyengo ya ulimi. Mvula ikayandikira, cha mu October ndi November, ogulitsa mbewu ndi feteleza amakhala ndi makasitomala ambiri. Nthawi yokolola, kuyambira cha mu April, ndi ya ogula zokolola, a zigayo, a mathiransipoti ndi ogulitsa malata ndi simenti.

Ntchito ziwiri zija zimaoneka bwino m'sitolo ya zipangizo za ulimi. Feteleza akafika, mwini sitolo amafuna kuti anthu ambiri amve msanga. Imeneyi ndi ntchito yolengeza, ndipo amaichita ndi chikwangwani, Status ya WhatsApp, magulu a alimi ndi kuuza akabaza. Koma mlimi akabwera kudzanena kuti mbewu imene anagula sinamere, nkhani imasintha. Pamafunika lisiti, tsiku logulira, mtundu wa mbewu ndi nambala ya pa paketi, kuti wogulitsa akaonetse kwa kampani imene inamupatsa katunduyo. Nkhani yotere siyichedwetsedwa, chifukwa mlimi amene waphonya mvula yoyamba akhoza kukolola zochepa chaka chonse. Kope lolembamo dzina, tsiku, vuto ndi zimene zachitika limagwira ntchito ya tikiti, ndipo silifuna magetsi.

Chimodzimodzi kalabu kapena kopaletivu ya alimi imalengeza mtengo wogulira soya kwa mamembala onse, koma membala amene akuti anamulembera makilogalamu ochepa amafunika kuti nkhani yake itsatidwe payokha. Ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba nayenso amakhala ndi buku lolembamo ndalama zolowa ndi zotuluka, limene limathandiza pakabuka mkangano.

Bizinesi imayamba kufuna pulogalamu yeniyeni ya matikiti ikakhala ndi nthambi zingapo kapena antchito angapo oyankha makasitomala, monga kampani yogulitsa ma sola angongole kapena bungwe lobwereketsa ndalama. Pulogalamu yolipira yoyendetsera masamba imapindulitsa amene makasitomala awo ali m'tauni kapena kunja, monga malo ogona alendo ndi ogulitsa nkhuku kapena uchi mumzinda wa Lilongwe.

Mtengo ndi zovuta

Mapulogalamu ambiri otchuka amalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena pachaka m'madola a ku America, kudzera pa khadi la banki. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho mtengo wa mapulogalamuwa m'makwacha unakwera ngakhale eni ake asanausinthe. Kusowa kwa ndalama zakunja kumapangitsanso kuti kulipira kuzivuta. Hootsuite inathetsa mtundu wake waulere mu 2023, pamene Meta Business Suite ndi WhatsApp Business ndi zaulere, ngakhale zimadya bandulo.

Zovuta zina ndi netiweki yodukaduka, kuzima kwa magetsi ndi chilankhulo. Mapulogalamuwa amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mayankho a makina samva bwino Chichewa cholembedwa mwachidule kapena uthenga wamawu, umene anthu ambiri amaukonda kuposa kulemba. Palinso akuba amene amatsegula masamba abodza kapena kuimba foni ngati antchito a kampani n'kupempha nambala yachinsinsi. Makampani a mafoni ndi mabanki amachenjeza kawirikawiri kuti wantchito wawo safunsa PIN ya kasitomala.

Malamulo

Magulu onse awiri amasunga mayina ndi manambala a anthu. Lamulo loteteza uthenga wa munthu la Data Protection Act la mu 2024 linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira mmene zinthu zoterezi zimasonkhanitsidwira ndi kugwiritsidwira ntchito. Zochitika pa intaneti zimayendetsedwanso ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya mu 2016. Kasitomala amene sanathandizidwe ndi bizinesi akhoza kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, ku MACRA ngati nkhani ndi ya mafoni, kapena ku Reserve Bank of Malawi ngati ndi ya banki. Pa madandaulo otere nambala ya tikiti, lisiti ndi SMS ya umboni ndi zimene zimasonyeza tsiku limene munthu anadandaula koyamba ndi yankho limene anapatsidwa.

Onaninso

* Airtel Money
* TNM Mpamba
* MACRA
* WhatsApp
* Boma la Lilongwe