Ndalama Zimene Zinabweretsa Margaret Read kwa Angoni

Ambiri mwa ife ophunzira akale tikapyola zaka 40 timayamba kuganizanso za sukulu, ena mpaka kufuna kukachita kafukufuku wawowawo kunja. Funso limene ndimamva kawirikawiri kwa anzanga ogwira ntchito m'boma ndi lakuti, kodi ndalama zake zichokera kuti? Ndati ndikufotokozereni mbiri ya mayi wina wa ku Britain amene anayenda ulendo wotere, koma iye ankachoka kwawo kubwera kuno.

Margaret Read anabadwa m'chaka cha 1889 ndipo anaphunzira mbiri yakale ku Cambridge. Atagwira ntchito yothandiza anthu ku India, analowa ku London School of Economics kumene anaphunzira za chikhalidwe cha anthu kwa Bronisław Malinowski. Mphunzitsi ameneyu sankakhulupirira zolemba za munthu amene wangodutsa pa malo. Iye ankafuna kuti wofufuza akakhale nthawi yaitali pakati pa anthu, adziwe chinenero chawo ndi kuona yekha zochitika. Kukhala chotero kumadya ndalama zambiri, ndipo wophunzira sakanatha kudzilipirira.

Thandizo linachokera ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, bungwe la Rockefeller linapereka ndalama ku bungwe la ku London lofufuza zinenero ndi miyambo ya mu Africa, limene linakhazikitsidwa mu 1926 ndipo pambuyo pake linatchedwa International African Institute. Bungweli linakonza dongosolo la zaka zisanu, ndipo mutu wake unali umodzi: momwe kubwera kwa Azungu, ndalama, sukulu ndi ntchito za kumigodi zinali kusinthira moyo wa kumudzi. Wofuna thandizo anayenera kugwirizanitsa maganizo ake ndi mutuwo. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti mawu oti "kafukufuku wodziimira" amatinyenga pang'ono. Mayi Read anali mfulu pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, koma funso lalikulu linali litasankhidwa kale ndi eni thumba.

Anayamba ntchitoyi mu 1935, ali ndi zaka zoposa 45 (a m'badwo wanga amve bwino pamenepa), ndipo anapitiriza mpaka 1939. Anakhala pakati pa Angoni a Inkosi Gomani ku Ntcheu ndi a Inkosi M'mbelwa ku Mzimba. Kupatula ndalama, panafunika kuti boma la atsamunda limulole, mafumu amulandire, ndiponso kuti apeze anthu a komweko omulongosolera zinthu, amene maina awo sanatchuke ngati lake. Boma nalo linamugwiritsa ntchito pa kafukufuku wa zakudya amene anachitika mu Nyasaland m'zaka za 1938 ndi 1939, ndipo mu 1942 analemba za mavuto amene midzi inkaona amuna akapita kukagwira ntchito ku Harare ndi ku Joni.

Chimene opempha thandizo ambiri saika mu bajeti yawo ndi nthawi yolemba. Nkhondo inayamba mu 1939, Mayi Read anatanganidwa ndi uphunzitsi ku Institute of Education ku London, ndipo buku lake la The Ngoni of Nyasaland linatuluka mu 1956, patapita zaka 17 chichokereni kuno. Lachiwiri, Children of Their Fathers, lonena za kaleredwe ka ana a Chingoni, linatsatira mu 1959.