Tanthauzo la NMI

NMI ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti non-maskable interrupt, kutanthauza chizindikiro chodukiza ntchito ya purosesa chimene sichingatsekerezedwe mwa njira wamba. Pa makina a x86, kernel imaimitsa kaye zizindikiro zina ndi lamulo la CLI, koma NMI imalowabe, kudzera pa nambala 2 pa mndandanda wa zizindikirozi. Imabwera memory ikalakwitsa, kapena watchdog ya Linux ikamafufuza ngati purosesa yauma.

Kuvuta kwake n'kwakuti imatha kupeza kernel itagwira loko. Pulogalamu yoyankha NMI ikafuna loko yemweyo, makina amangoti zii. N'chifukwa chake pulogalamuyo imakhala yaifupi ndipo imapewa maloko. NMI yachiwiri imadikira mpaka lamulo la IRET litaperekedwa.