Kugwirizana kwa mitundu ya mapulogalamu a kompyuta

Kugwirizana kwa mitundu ya mapulogalamu a kompyuta ndi pamene pulogalamu, maziko amene yamangidwapo, ndi zida zoilembera zikugwira ntchito limodzi popanda vuto. Maziko amenewa amatchedwa framework. Eni ake amawakonza nthawi ndi nthawi, ndipo mtundu uliwonse watsopano, womwe umatchedwa version, umapatsidwa nambala yake komanso umafuna zida zogwirizana nawo.

Gwero la vutoli

Pulogalamu siyenda payokha. Imadalira chilankhulo cha kompyuta chimene inalembedwera, nkhokwe yosungira zinthu, ndi seva. Chimodzi mwa izi chikasinthidwa zinazo zikadali zakale, pulogalamu ikhoza kukana kuyamba. Mwachitsanzo, pulogalamu yokonzedwera Java 17 siyenda pa Java 11. Ruby on Rails 5.0 inkafuna Ruby 2.2.2 kapena yatsopano, pomwe Rails 7.0 imafuna Ruby 2.7 kupita m'tsogolo.

Kukakamira mtundu wakale nakonso n'koopsa, chifukwa eni ake amasiya kutseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 January 2020.

Ku Malawi

Unduna wa Zaumoyo unayamba kugwiritsa ntchito DHIS2 m'dziko lonse m'chaka cha 2012. Pulogalamuyi imasunga ziwerengero za odwala, katemera ndi uchembere, ndipo imakonzedwa ndi HISP Centre ya pa University of Oslo ku Norway. Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala zakumidzi, monga za m'dera la Mfumu Yaikulu Chiwalo m'boma la Phalombe, amathera m'pulogalamuyi, ndipo akuluakulu azaumoyo amawagwiritsa ntchito pokonza ndondomeko zawo.

DHIS2 inalembedwa mu Java, imayenda pa seva ya Tomcat, ndipo imasunga zinthu mu PostgreSQL. Mtundu wa 2.38 unkafuna Java 11. Mtundu wa 41, womwe unatuluka mu 2024, umafuna Java 17, ndipo wa 42, wa mu 2025, umafuna Tomcat 10. Palinso DHIS2 Android Capture, ya pa foni ndi tabuleti, imene imalumikizana ndi mitundu yowerengeka yokha ya DHIS2. Choncho dziko likafuna mtundu watsopano, liyenera kukonza Java, Tomcat ndi zipangizo za ogwira ntchito m'maboma mwadongosolo. Zikapanda kutero, malipoti sangafike pa seva.

Chitsanzo china ndi pulogalamu ya bungwe la Baobab Health Trust yosunga mbiri ya odwala amene akumwa ma ARV, yomwe inamangidwa pa Ruby on Rails. Pulogalamu yotere ikamasamutsidwira pa Rails yatsopano, Ruby yakenso imayenera kusinthidwa.

Njira zopewera

Akatswiri amayamba awerenga mndandanda wa mitundu yogwirizana umene eni pulogalamu amatulutsa. Kenako amakopera zonse za m'nkhokwe n'kuzisunga padera, ndipo amayesa mtundu watsopano pa seva yoyeserera asanauike pa seva yeniyeni. Ambiri amalembanso nambala za zida zonse m'fayilo imodzi, monga Gemfile.lock ya Ruby, kapena amagwiritsa ntchito Docker, imene imalongedza pulogalamu pamodzi ndi zonse zimene imadalira.