Njira za Njinga za M'zidikha za ku Netherlands

Njira za njinga za ku Netherlands ndi timisewu topapatiza, tambiri mwa ito tothiridwa phula, timene tinapatulidwa kuti muziyenda opalasa njinga popanda galimoto kupondamo. Ndipo tikaphatikizidwa tonse, ta m'mizinda ndi ta kumidzi tomwe, kutalika kwake kumafika pafupifupi makilomita 35,000. M'dziko limeneli, lomwe lili kumpoto chakumadzulo kwa Ulaya m'mbali mwa nyanja ya North Sea, njinga n'zochuluka kuposa eni ake, pakuti anthu alipo pafupifupi 18 miliyoni pamene njinga zikupitirira 22 miliyoni, ndipo pa maulendo anayi alionse amene Mdatchi, nzika ya dzikoli, ayenda, umodzi amauyenda chopalasa.

Dziko lenilenilo n'lathyathyathya, kotero kuti phiri limene amalitama kuti ndilo lalitali koposa, la Vaalserberg, lomwe lili kumalire ndi Belgium ndi Germany, n'lotalika mamita 322 okha. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nthaka yake lili m'munsi kuyerekeza ndi madzi a m'nyanja. Minda yambiri ya kumadzulo inali madambo ndi nyanja, kufikira makolo a Adatchi anaizinga ndi makoma a dothi, nakumba ngalande, napopa madziwo ndi makina oyendera mphepo. Nthaka yolandidwa kwa madzi motero amaitcha polder. Ya Beemster inauma m'chaka cha 1612, ndipo pa mudzi wa Kinderdijk mpaka lero paimirira makina a mphepo 19 amene ambiri mwa iwo anamangidwa cha m'ma 1740. Popeza madzi saiwala khwawa, ntchito yopopa siinathe ndipo siidzatha, ngakhale kuti tsopano ikugwiridwa ndi makina a magetsi. Pamwamba pa makoma amenewa ndi pamene njira zambiri zokoma za kumidzi zinayalidwa. Munthu akamapalasa pamenepo amaona chinthu chimene maso amayamba aikana: kudzanja lamanja bwato likuyandama pa ngalande yodzaza, kudzanja lamanzere, pansi ndithu pa madziwo, ng'ombe za mawanga akuda ndi oyera zikudya msipu, ndipo patsogolo pake, kutali, nsonga ya tchalitchi cha mudzi umene adzafikeko pakapita theka la ola.

Ambiri amaganiza kuti kusalala kwa dziko ndiko kunabala njirazi, koma maganizo amenewo ngoperewera, chifukwa maiko a zidikha alipo ambiri kumene wopalasa amayenda mtima uli m'mwamba. Zoonadi Adatchi anaikonda njinga kuyambira kale. Bungwe limene lero likutchedwa ANWB linayamba m'chaka cha 1883 monga mgwirizano wa okwera njinga, ndipo mu 1919 linayamba kuzika m'mphambano zolozera njira zazifupi zooneka ngati bowa, zimene anazipanga zofupika dala kuti munthu woweramira pa handulo aziwerenge osadzutsa mutu. Kuyambira 1924 kufikira 1941 njinga iliyonse inkalipira msonkho ndi kumangiriridwa kachitsulo kosonyeza kuti yalipira. Koma itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, chuma chitabwerera m'manja mwa anthu, galimoto zinachuluka mofulumira. Misewu inakulitsidwa, nyumba zakale zinagwetsedwa kuti zipatse malo galimotozo, ndipo njinga inakankhidwira m'mbali monga chinthu cha amphawi chimene nthawi yake yatha. Walira mvula walira matope. M'chaka cha 1971 anthu pafupifupi 3,300 anafera pamsewu, ndipo oposa 400 mwa iwo anali ana.

Mmodzi mwa ana amenewo anali mwana wamkazi wa zaka 6 wa mtolankhani wina, Vic Langenhoff, amene anagundidwa ndi galimoto pa njira ya ku sukulu. Atate wakeyo, m'malo mobisa chisoni chake m'nyumba, anachilemba m'nyuzipepala ya De Tijd mu 1972, ndipo m'kulira kwakeko munabadwa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, lofuna kuti kuphedwa kwa ana kulekeke, limene mmodzi mwa atsogoleri ake oyamba anali mayi wachitsikana, Maartje van Putten. Amayi ndi ana awo ankatseka misewu, kuyala matebulo pakati pa phula ndi kudyera pomwepo, kuti akuluakulu a boma aone ndi maso kuti msewu ndi bwalonso la anthu okhala m'mbali mwake. Chimene chinapatsa gululi mphamvu n'chakuti ngakhale amene sanaferedwe anadzuka naima pamodzi ndi oferedwa, podziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Posakhalitsa, mu 1973, maiko a Aluya analeka kugulitsa mafuta ku Netherlands chifukwa cha nkhondo ya ku Israel, ndipo boma la nduna yaikulu Joop den Uyl linaletsa galimoto kuyenda masiku a Sabata angapo otsatizana. Pa masiku amenewo anthu anapalasa njinga m'misewu ikuluikulu yopanda phokoso, namvanso bata limene anali ataliiwala. Mu 1975 kunakhazikitsidwa bungwe lomenyera ufulu wa opalasa limene lero likutchedwa Fietsersbond, ndipo zaka zochepa pambuyo pake mizinda ya Tilburg ndi Den Haag inamanga njira zoyesera ndi thandizo la boma. Mtundu wofiira umene lero umazindikiritsa njira ya njinga unayamba kufala nthawi imeneyo.

Malamulo nawo anatsata pambuyo. Galimoto ikagundana ndi njinga, mwini galimoto ndiye amasenza mtolo waukulu wa chipukutamisozi: mwana wosafika zaka 14 amalipidwa zonse, kupatula ngati anachita dala, ndipo wamkulu, ngakhale kulakwa kutakhala kwake, kawirikawiri amalipidwa theka. Lamuloli n'lolungama, pakuti wobweretsa chitsulo cholemera pakati pa anthu ayenera kukhala woyamba kusamala.

Njira yolondolera alendo imene yafala kumidzi konse inachokera kwa anansi a ku Belgium. Hugo Bollen, katswiri wa za migodi wa m'chigawo cha Limburg cha dzikolo, ndiye anaiganiza pa nthawi imene migodi ya malasha ya kumeneko inali kutsekedwa ndipo chigawocho chinali kufunafuna njira zina zopezera chuma. Inayamba kugwira ntchito mu 1995, ndipo sipanapite zaka zambiri isanawoloke malire. Nzeru yake njapafupi. Mphambano iliyonse imene njira zabwino zikumana imapatsidwa nambala, ndipo pamenepo pamaima chikwangwani cha mapu a dera lonse. Munthu asananyamuke amasankha manambala amene afuna kudzeramo, nawalemba mondondozana pa kapepala, namata kapepalako pa handulo. Akafika pa nambala yoyamba, kachikwangwani koyera ndi kobiriwira kokhala ndi muvi kamamulozera kumene kuli yachiwiri, ndipo motero mlendo wosadziwa ngakhale liwu limodzi la Chidatchi angathe kuyenda tsiku lathunthu osasokera, kufupikitsa ulendo mvula ikayamba, kapena kuutalikitsa miyendo ikalola.

Ofuna maulendo a masiku ambiri ali ndi njira zazitali zodziwika ndi zilembo za LF. Ya Kustroute imatsata gombe lonse makilomita oposa 600, kudutsa m'milu ya mchenga ndi pa zipupa zotchinga nyanja; ya Maasroute imatsika ndi mtsinje wa Maas kuchokera ku Maastricht; ya Zuiderzeeroute imazungulira nyanja ya IJsselmeer, imene inali ya madzi a mchere kufikira khoma la Afsluitdijk, la makilomita 32, linaitsekera kunja nyanja yaikulu mu 1932. M'chigawo cha Flevoland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1986, matayala a njinga amagudubuzika pamene kale pankayenda zombo. Pa mitsinje ina palibe mlatho, koma kapantoni kakang'ono ka oyenda pansi ndi a njinga. Pa zilumba za Vlieland ndi Schiermonnikoog mlendo saloledwa kubwera ndi galimoto.

Kusowa kwa mapiri sikutanthauza kusowa kwa thukuta. Mphepo, imene kawirikawiri imaomba kuchokera kummwera chakumadzulo, sipeza choitchinga pa chidikha chopanda mitengo, ndipo pamene chitunda chili ndi pothera ndi potsetsereka pake, mphepo ya kumaso imalimbana ndi munthu kufikira atakhota. N'chifukwa chake odziwa amayamba ulendo moyang'anana nayo, mphamvu zikadalipo, kuti pobwerera idzawakankhe kumsana. Kuyambira 2013, namondwe akafika, pamachitika mpikisano wopalasa molimbana ndi mphepo pa chipupa cha Oosterscheldekering ku Zeeland, mtunda wa makilomita 8.5, pa njinga wamba zopanda magiya.

Bata la njirazi lili ndi mayesero ake atsopano. Njinga za magetsi, zimene zabwezera okalamba ambiri ufulu woyenda, n'zolemera ndiponso zaliwiro, ndipo zikuyenda m'timisewu timene tinayezedwa poganizira njinga zakale. A njinga za mpikisano nawo, amene amapalasa m'magulu masiku a Sabata, amakumanamo ndi ana ndi agogo oyenda pang'onopang'ono. Mu 2022 opalasa njinga 291 anafa pa ngozi m'dzikolo, ochuluka mwa iwo a zaka zopitirira 60. Chipewa choteteza mutu lamulo silikakamiza pa njinga wamba, ndipo Adatchi ambiri sachivala, ponena kuti chitetezo chenicheni chili m'kamangidwe ka msewu; koma madokotala a kumeneko akhala akulimbikitsa okalamba ndi ana kuti azichivala, pamene maboma a zigawo akukulitsa njira zakale ndi kumanga zina zotakata zolumikiza mizinda, monga ya RijnWaalpad ya pakati pa Arnhem ndi Nijmegen, imene inatsegulidwa mu 2015.