Phiri lopanda mwini: zimene Ndirande ndi Soche akutiuza ife a ku Kasungu

Ife okulira kwa Mwase, m'chidikha cha fodya chino, timaidziwa mfundo ina popanda kuiphunzira m'kalasi. Ukaona kachitsamba ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda, misuku ndi miwanga itaimabe, usafunse: amenewo ndi manda. Kwina konse nkhwangwa inadutsa kalekale. Funso langa lero ndi lakuti, n'chifukwa chiyani nkhalango yopanda mlonda ndi mpanda yapulumuka, pomwe mapiri otetezedwa ndi lamulo la boma ali mbee?

Yankho tilifune ku Blantyre, kumene mbiri imeneyi inalembedwa pamapiri.

M'zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linaika mapiri ngati Ndirande m'gulu la nkhalango zotetezedwa, makamaka pofuna kusamala magwero a madzi. Mtsinje wa Mudi, womwe damu lake limamwetsa mbali ina ya mzindawu, umachokera m'phirimo. Kenako anadzalamo paini. Chitetezo chake chinali cha alonda, chindapusa ndi ndende. Kamuzu atatenga dziko mu 1964, ndondomekoyo sinasinthe kwenikweni, mantha okha ndiwo anakula. Chaka ndi chaka ana asukulu ankatuluka kukadzala mitengo pa 21 Januwale, koma mayi wa ku Ndirande akafuna nkhuni m'phiri lomwe analiyang'ana tsiku lililonse, anali wakuba. Phirilo linali "la boma".

Ndiye kunabwera referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Mantha atangotha, anthu anakwera phiri ndi nkhwangwa. M'zaka zochepa chabe Ndirande anasanduka dazi, m'malo mwa paini munalowa chimanga ndi nyumba. Ambiri amangoti anthu sanamvetse demokalase. Ine sindigwirizana nazo. Anthu anamvetsa bwino lomwe kuti chinthu chomwe anawauza kwa zaka 70 kuti si chawo, tsopano chinalibe mwini. Ndipo mzinda unkakula: anthu ankafuna maploti, nkhuni zowotchera njerwa ndi makala ophikira, poti magetsi anafika m'nyumba zochepa.

Komatu njira ina inalipo kale. Kuyambira mu 1926, atsamunda omwewo analola mafumu kupatula nkhalango za m'midzi, zoyang'aniridwa ndi nyakwawa ndi anthu ake. Maganizo amenewa anadzabwereranso m'lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linatsegula khomo loti midzi ikhale ndi makomiti osamalira zachilengedwe komanso kugawana ndi boma udindo ndi phindu la nkhalango. Ntchito ya Blantyre City Fuelwood Project, yomwe inadzala bulugamu ndi thandizo la dziko la Norway kuyambira m'ma 1980, pamapeto pake inapereka minda ya mitengoyo m'manja mwa midzi. Ku Michiru, bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likuphunzitsa ana asukulu ndi makalabu awo kuti phiri ndi chuma chawo. Nkhondo yake njosatha, oyaka makala sanasiye kulowamo. Koma kulikonse komwe mitengo yatsalako, upeza pali anthu apafupi omwe amaitchula kuti "yathu".

Vuto la m'tauni ndi lakuti "yathu" ameneyu ndi wovuta kumupeza. Kumudzi nyakwawa imadziwa aliyense. M'mphepete mwa phiri la Soche muli alendi obwera dzulo, eni maploti ogula kwa munthu yemwe analibe mphamvu yogulitsa, khonsolo, ndi a zankhalango, aliyense kuloza mnzake. Nyumba zinakwerabe phiri, mzere pamwamba pa mzere.

Mtengo wake tinauona mu Marichi 2023. Namondwe wa Freddy atakhuthula mvula kwa masiku angapo, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Sindikunena kuti mitengo ikanaimitsa mvula yoteroyo. Ndikunena kuti pomwe panayenera kukhala nkhalango panali anthu akugona, ndipo ambiri anafika pamenepo chifukwa cha umphawi, osati kusamva.

Tsono ife a ku Kasungu tisamaone ngati ndi nkhani ya kummwera. Phiri la Kasungu si mulu wa miyala wamba. M'munsi mwake ndi momwe munali likulu la Mwase, mfumu yomwe David Livingstone anaichezera mu 1863, ndipo ufumu wake unalimbana ndi Angoni kenako n'kugonja kwa Angerezi kumapeto kwa 1895. Chidikha chozungulira tinachimeta kale: maesiteti a m'ma 1970 anadya nkhuni m'mabani owumitsira fodya, zigafa za bale nazo zinadya mitengo yomangira. Lero tauni ikufutukuka, njerwa zikuwotchedwa, ndipo maso ayamba kuyang'ana kumtunda.

Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, zilango za makala zinakwera. Zabwino. Koma Ndirande anatisonyeza kale kuti mantha ali ndi tsiku lotha ntchito. Manda athu asungika chifukwa aliyense m'mudzi ali ndi wake wogona mmenemo, ndipo wodula mtengo amayankha kwa anthu omwe adzakumane nawo mawa pachitsime.

Ndiye anzanga, inu amene mukuwerenga pafoni, funsani kwanuko: komiti ya nkhalango ilipo? Imakumana liti? Malire a phiri amathera pati, ndipo akugawa maploti kumtundako ndani? Mitengo yomwe tinajambulitsa tikudzala chaka chatha, ilipo ingati? Phiri silifuna chithunzi cha pa Facebook. Likufuna eni ake.