Tanthauzo la mawu: Kirediti

Ambiri kuno ku Zomba khadi lililonse la kubanki amangoti kirediti khadi. Si choncho ayi. Mawuwa tidabwereka ku Chingerezi, nawonso Angerezi adawatola ku Chilatini, credere, kutanthauza kukhulupirira. Kirediti ndi ngongole: banki yakukhulupirirani kuti mudzabweza.

Mukagula sopo ndi shuga m'tauni, ndalama n'kuchoka mu akaunti yanu pompo, khadi limenelo ndi la debiti. Koma mukadya nkhomaliro ku Sunbird Ku Chawe, banki n'kukulipirirani, inu n'kudzabweza mwezi ukatha, apo ndiye kirediti.

Makhadi ena amabwezako kangachepe pa chilichonse mwagula, ngati banyira wa amayi a tomato mumsika. Musanasankhe, funsani kaye chiwongoladzanja, chifukwa mukachedwa kubweza chimaposa banyirayo kutalitali.