Ngongole ya Nkhondo ya Eni

Mu 1914 John Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo yomwe sadziwa chiyambi chake. Boma la atsamunda silidamumvere. Patatha zaka 30, anyamata a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles adali m'chigwa cha Kabaw ku Burma, akulimbana ndi Ajapani, mvula ndi malungo.

Nkhondoyo itatha mu 1945, ndalama yotsazikira idawerengedwa potengera khungu: msilikali wamba wachizungu mashilingi 10 pa mwezi uliwonse womwe adatumikira, wakuda mashilingi atatu ndi theka. N'zosadabwitsa kuti ena adabwerera kumudzi akudzifunsa chomwe adapitira.

Komabe atakalamba sadakane nyumba za asilikali akale ku Zomba, ngakhalenso thandizo la Royal Commonwealth Ex-Services League. Alipo amene amati kumeneko n'kudandaula uku dzanja lili m'mbale. Ine sindivomereza. Waganyu amene mudam'punja malipiro akabwera kudzatenga zotsala, si kuti wakonda munda wanu. Ndipo zotsalazo zidachedwa: Britain idalonjeza ndalama zoti okalambawa azidya kawiri pa tsiku mu 2018, ambiri atagona kale m'manda.